Walira Mvula Walira Matope, Ngakhale Kufakitale ya Galimoto

Galimoto imodzi imakhala ndi zipangizo pafupifupi 30,000, kuphatikizapo timabawuti tomwe, ndipo kampani imene dzina lake limanyezimira pa boneti imapanga zochepa chabe. Mabuleki, mipando, nyali ndi mawaya zimachokera ku makampani ena amene dalaivala sanawamvepo n'komwe. Ntchito yaikulu ya mwini dzina ndi kugula, kulumikiza ndi kunenerera mtengo. Ponenererapo ndi pamene mwambi woti walira mvula walira matope umagwira ntchito kuposa kumunda. Mvula yake ndi mtengo wotsika, ndipo matope amafika galimoto itagulidwa kale.

Mwa olira mvula onse, wotchuka ndi José Ignacio López wa ku Spain, amene General Motors inamuika kukhala mkulu wogula zipangizo mu 1992. Mkuluyu anang'amba mapangano akale n'kuuza ogulitsa kuti atsitse mitengo, apo ayi ntchito ipita kwa ena. Antchito ake ankawatchula kuti ankhondo, ankawasankhira zakudya, ndipo anawauza kuti azivala wotchi kudzanja lamanja mpaka kampani iyambe kupindula. Mitengo inatsikadi, ngakhale mbali imene wotchi inachitapo ndi yokayikitsa. Mu 1993 López anasamukira ku Volkswagen, General Motors n'kudandaula kuti wapita ndi zikalata zachinsinsi. Mlandu unatha mu 1997 Volkswagen itavomera kulipira madola 100 miliyoni ndiponso kugula zipangizo za madola 1 biliyoni kwa wodandaulayo. Munthu wodziwa kutsitsa mitengo anadula chotero.

Chizolowezi chowerengera khobidi lililonse chili ndi zotsatira zosaseketsa. Mu Chevrolet Cobalt, kachipangizo kopotokolera kiyi, kopangidwa ndi Delphi, kanali kolobodoka moti mulu wolemera wa makiyi kapena bondo la dalaivala zinkatha kuzimitsa injini galimoto ili pa liwiro, airbag n'kuleka kugwira ntchito. Kukakonza kukadafuna ndalama yosakwana dola imodzi pa galimoto. Mu 2014 General Motors, mwini wa Chevrolet, inaitanitsa galimoto 2.6 miliyoni, inapereka chipepeso pa imfa 124, kenako inalipira boma la America madola 900 miliyoni.

Toyota nayo imalira mvula, koma imayamba yakumba ngalande. Ogulitsa ake akuluakulu ndi achibale: Denso inatuluka mu Toyota momwemo mu 1949, ndipo Toyota ili ndi masheya ku Denso ndi ku Aisin. Imafuna kuti mitengo izitsika chaka ndi chaka, koma imatumiza mainjiniya ake kufakitale ya wogulitsa kuti akafufuzire limodzi pamene nthawi ndi chitsulo zikutayika. Ubwino wa chibalechi unaoneka mu February 1997, pamene fakitale ya Aisin ku Kariya inapsa. Kumeneko n'kumene kunkachokera pafupifupi timavalavu tonse ta mtundu wina ta mabuleki a Toyota, choncho mafakitale anaima. Makampani ena ambiri anangolandira mapulani n'kuyamba kusula, ena asanapangepo kavalavu chibadwire, ndipo pasanathe mlungu galimoto zinayambanso kutuluka. Za malipiro anakambirana pambuyo.

Komabe ngalande nayo imasefukira. Mu 2000 Toyota inayambitsa ndondomeko ya CCC21 yofuna kudula mitengo ya zipangizo zikuluzikulu ndi 30 peresenti, uku ikuchulukitsa mafakitale kunja kwa Japan ndi kugula kwa achilendo. Mu 2010 inaitanitsa galimoto 2.3 miliyoni ku America chifukwa cha chopondera moto chimene chinkakakamira. Chinali cha kampani ya CTS. Cha Denso sichinakhudzidwe.

Matope ochuluka koposa anachokera kwa Takata ya ku Japan. Airbag imafufuma ndi kuphulika kwa mankhwala, ndipo Takata inasankha otchipa, ammonium nitrate, amene mlimi amawadziwa kudzera mu feteleza wa CAN. Mankhwalawa akakhalitsa pachinyezi ndi potentha amaphulika mopitirira muyeso, kachitini kake n'kusweka, zidutswa n'kulasa munthu amene amayenera kutetezedwa. Honda ndiyo inkagula zambiri, koma Toyota, Nissan, BMW, Ford ndi ena anali pamzere womwewo, poti mtengo wabwino suona mtundu. Ku America kokha anaitanitsa ma airbag pafupifupi 67 miliyoni, ndipo Takata inagwa mu 2017.

Mwambiwu umalephera pamfundo imodzi: kumunda wolira mvula ndi amene amaponda matope, pamene pa galimoto amalira ndi wa muofesi, woponda n'kukhala wogula. Honda Fit, Toyota Vitz ndi Corolla za zaka zina zinali m'gulu loitanitsidwa ku Japan, ndipo mitundu imeneyi yadzaza m'misewu ya ku Malawi, kuphatikizapo kotentha ngati ku Chikwawa ndi ku Mangochi. Makampani a ku Japan ali ndi masamba a pa intaneti pamene mwini galimoto amalemba nambala ya chesisi n'kuona ngati yake inaitanitsidwa, ndipo kufufuzako n'kwaulere.