Ampondamatiki Ali Pakamwa Kuyambira pa Chingeni Mpaka pa Ntaja

Chifikireni mafoni a intaneti m'manja mwa anyamata a kabaza, anthu olemeretsetsa a dziko lapansi sakupuma m'maboma a Balaka ndi Machinga. Mnyamata amene sanapondeko ngakhale pabwalo la ndege la Chileka atha kukuuzani dzina la mkazi wakale wa Jeff Bezos, ndi ndalama zimene mayiyo anachoka nazo pabanja.

Pa depoti ya Balaka mkangano umayambira pa funso loti biliyoneya ndani kwenikweni. Mphunzitsi wina wopuma ntchito, amene sasowa pamenepo masana, amakonda kuwawerengera anyamatawo. Akuti K1 biliyoni ndi mapepala 200,000 a K5,000, aja a nkhope ya Kamuzu. Koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, biliyoni yathuyi ukaisintha ku banki sikwana ngakhale madola 600,000. Amene azungu amamutcha biliyoneya amawerenga m'madola, ndiye kuti m'makwacha ali ndi zoposa K1.7 thililiyoni. Wa kabaza wina atamva masamuwo anangopukusa mutu. "Aphunzitsi, musatizunguze mitu. Ine mundipatse ya kwacha yomweyo, ya madolayo musunge ndinu."

Ku Liwonde, kufupi ndi mlatho wa pa Shire, amayi ogulitsa mpunga ndi nsomba agwira nkhani ya Aliko Dangote wa ku Nigeria, mpondamatiki wamkulu mu Africa muno. Mu 2019, pamsonkhano ku Abidjan, Dangote anaulula yekha kuti tsiku lina anakatapa madola 10 miliyoni ku banki, n'kuwalonga kumbuyo kwa galimoto, kukawayala kuchipinda kwake kuti angowaona, m'mawa mwake n'kukawabweza. Ambiri amaseka mpaka misozi. Koma mayi wina, msungichuma wa banki m'khonde, akuti iye amamumvetsa bamboyo. "Asisi, ndalama yolembedwa m'buku siikoma. Ifenso tsiku logawana timafuna tiigwire, tiiwerenge kawiri." Ine ndili kumbali ya mayiyu. Ndalama ikapyola poti n'kugula chakudya, malata ndi mankhwala, yotsalayo imangokhala nambala, ndipo mwini wake amavutika kukhulupirira kuti ilikodi.

Nkhani imene imatenthetsa anthu kwambiri ndi ya mabanja. Bezos, amene anayambitsa Amazon, anasiyana ndi MacKenzie mu 2019 atakhala pabanja zaka 25, ndipo mayiyo anatenga 4 peresenti ya kampaniyo, pafupifupi madola 38 biliyoni. Bill Gates ndi Melinda anasiyana mu 2021 patatha zaka 27. Amayi a ku Ntaja, kumene mwamuna amakhala pachikamwini, sakuona chachilendo. Akuti kwawo kuno banja likatha, bambo amanyamula chikwama ndi bulangete lake, nyumba ndi ana n'kutsala kwa mayi, choncho azunguwo angoyamba kumene kuphunzira.

Koma amene anafunsa funso lolasa ndi mkulu wina wa ku Nsanama, amene wakhala nkhoswe ya mabanja ambiri. Iye anafuna kudziwa kuti nkhoswe ya munthu wa mabiliyoni imakhala ndani. Anyamata anaseka, koma mkuluyo sanaseke nawo. Anati ntchito ya nkhoswe ndi kuitana mphwake pansi pa mtengo, kumuyang'ana m'maso, n'kumuuza kuti walakwa. Nanga malume amene ana ake akulipiriridwa fizi ndi mphwakeyo, feteleza akugulidwa ndi mphwakeyo, foni imene aimbirepo inachokeranso komweko, angatsegule pakamwa? Adzangoti, "Bwana, mwaganiza bwino." Pa zonse zimene ndamva m'misika iyi, mawu a mkuluyu ndi amene amandikhudza. Munthu amene aliyense amamuvomereza alibe womubweza akayamba kusokera, ndipo amazindikira mochedwa kuti anthu onse odzaza pakhonde lake aja akudikira kanthu.

Sizilira mabiliyoni kuti izi zioneke. Ku Machinga kuno pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mnyamata amene anapita ku Joni. Akabwera ndi njinga yamoto, n'kukhoma malata panyumba ya mayi ake, dzina limasintha tsiku lomwelo: amene ankaitanidwa kuti "iwe" wasanduka "abwana". Wagolosale wina wa pa Ulongwe amadandaula kuti kwa iye moni anatha kalekale, chifukwa aliyense wonena kuti "mwadzuka bwanji, achimwene" amakhala ali ndi kavuto kakang'ono kumapeto kwake. Nambala ya foni waisintha, abale akuti wayamba matama. Anzake amamunena kuti akulira ndi nyama m'kamwa, koma pamene amafotokoza, nkhope yake simasonyeza nthabwala.

Za olemera a kwathu konkuno, dzina loyamba kutchulidwa ndi la Atcheya, a Bakili Muluzi a ku Kapoloma, amene analamula dziko kuyambira 1994 mpaka 2004. Achikulire amakumbukira ma K50 a pamisonkhano ndi nthabwala zawo, ndipo amati munthu ameneyo ndalama zake zinkaoneka. Ena amakumbutsa za mlandu wa K1.7 biliyoni umene unayenda m'makhoti kuyambira 2009 mpaka boma linauthetsa mu Meyi 2023, n'kufunsa ngati munthu amagona tulo tabwino mlandu ukumulondola zaka zonsezo. Apa mkangano sutha, chifukwa pa Ntaja wonena za Atcheya ayenera kuyamba wayang'ana amene wakhala naye pa benchi.

A Thom Mpinganjira, amene anayambitsa banki ya FDH, amatchulidwa kwambiri m'nyumba zoonetsera mpira, chifukwa cha ndalama zimene athira mu timu ya Wanderers. A Manoma, ochemerera timuyo, amawatamanda. A Maule, adani awo pa mpira, amafulumira kukumbutsa kuti mu 2021 khoti linawagamula zaka 9 pamlandu wofuna kupereka ziphuphu kwa oweruza mlandu wa chisankho cha 2019, ndipo anatuluka pa belo mu 2022 podikira apilo. Koma phokoso limatsika wina akatchula kuti akazi awo, mayi Barbara, anamwalira ndi khansa mu 2019, ndipo pambuyo pake bambowo anamanga chipatala cha khansa ku Blantyre. Pamenepo a Manoma ndi a Maule amagwirizana kuti pali zina zimene cheke sichigula.

Kumzikiti nkhaniyi ili ndi masamu akeake. Zakaati ndi 2.5 peresenti ya chuma chimene munthu wasunga kwa chaka chathunthu, ndiye wa K1 biliyoni ayenera kutulutsa K25 miliyoni chaka chilichonse. Anyamata akatuluka m'mapemphero a Lachisanu amawerengetsa kuti ndalama imeneyo ndi matumba angati a chimanga m'mwezi wa Febuluwale. Shehe wina anawauza kuti ayambe awerenga zawo asanawerenge za eni ake, ndipo onse anaseka chifukwa zawozo sizifika n'komwe pa mlingo woperekera.

Pali mbali ina ya macheza amenewa imene sindiseka nayo. Munthu akalemera msanga, sipalephera wina wonong'ona kuti anakhwima. Bodza limeneli lapha anthu kuno. Mu 2018 MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino wa ku Machinga, anaphedwa ndi anthu okhulupirira kuti mafupa ake ndi chizimba cha chuma, ndipo mu 2022 khoti linapeza anthu 12 olakwa pamlanduwo. Dangote analemera ndi simenti, shuga ndi mchere. Bezos anayamba ndi kugulitsa mabuku. Aliyense wofalitsa zoti chuma chimachokera m'mafupa a munthu akuika moyo wa mwana wa mnzake pachiswe, ndipo ayenera kudzudzulidwa pomwepo, pagulu.

Kumwera kwa Balaka nkhani ina ndi ya phiri la Kangankunde. Mu 2022 kampani ya ku Australia ya Lindian Resources inagwirizana zogula mgodi wa paphirilo pa madola 30 miliyoni, chifukwa m'phirimo muli miyala yosowa imene amapangira maginito a galimoto zamagetsi. Anthu a kuno anazolowera kuona chuma chikungodutsa: sitima za malasha zochokera ku Moatize zimadzera pa Nkaya, pa Liwonde, n'kutulukira pa Nayuchi kupita ku Nacala, ana akuwerenga mabogi. Tsopano akufunsa ngati cha Kangankunde chidzatsaleko pang'ono, ndani adzalembedwe ntchito, ndipo osamutsidwa m'minda adzalandira chipukutamisozi chotani. Mlimi wina wa thonje wa ku Phalula wauza kale akazi ake kuti akapeza mwala wotere m'munda mwake sadzauza munthu. Mayiwo anamuyankha anthu akumva: "Bambo a ana, inu amene mukagulitsa mbuzi imodzi mudzi wonse umadziwa dzuwa lisanalowe?"