Ma Webinar Awagawanitsa Madokotala

Nkhani ili m'kamwam'kamwa ku Ginnery Corner masiku ano ndi ya madokotala akuluakulu ndi maphunziro a pa intaneti, aja akuti ma webinar. Chibwerereni Covid-19 m'dziko muno mu Epulo 2020, misonkhano yambiri ya zaumoyo inasamukira pa Zoom, ndipo mpaka lero akatswiriwa sakumvana ngati chimenechi ndi chitukuko kapena tsoka.

Olankhula mokweza ndi a opaleshoni. Akuti mpeni suphunziridwa poyang'ana kompyuta: zala ziyenera kumva mnofu, ndipo wophunzira aime pambali pa mphunzitsi mpaka msana uwawe. Amakumbutsa kuti COSECSA, bungwe lophunzitsa madokotala a opaleshoni m'chigawo chino cha Africa, lili nawo maphunziro a pa intaneti, komabe limafuna kaundula wa opaleshoni iliyonse imene wophunzira wagwirapo ndi manja ake. Apa sindiwatsutsa. Ndani angagone pa tebulo akumva kuti dokotalayo anaonera zimenezi pa foni?

Owerenga zithunzi za X-ray ndi a matenda a pakhungu akungoseka. Ntchito yawo ndi ya maso, choncho chithunzi chikachoka ku Chitipa n'kufika ku Blantyre, phunziro layamba kale. Iwowa amakonda kutchula Project ECHO, imene Dr Sanjeev Arora anayambitsa mu 2003 ku New Mexico ataona odwala hepatitis C akudikira miyezi kuti aonane naye. M'malo moitana odwala, iye anayamba kuphunzitsa azaumoyo akumidzi pa vidiyo, akukambirana za odwala enieni. M'dziko limene akatswiri anaunjikana ku zipatala za Queens ndi Kamuzu Central, pamene m'maboma ntchito yaikulu ili m'manja mwa ma clinical officer, maganizo amenewa ndi ovuta kuwakana.

Koma amene amamwa tiyi ndi akuluakuluwa akunong'ona kuti chenicheni chikuwawa ndi china. Kale maphunziro ankatanthauza Mangochi kapena Salima: galimoto, chipinda choyang'ana kunyanja, chambo masana, kenako ka envulopu ka alawansi tsiku lomaliza. Pano akakutumizira linki ndiye kuti zonse zathera pomwepo, bandulo ugule wekha. Palibe amene amanena zimenezi pamsonkhano. Amangoti maphunziro a pamaso ndi pamaso "amalowa bwino m'mutu", ndipo ndikukhulupirira kuti chambo chimathandizadi kulowetsako.

Palinso za mapointi a CPD, amene a Medical Council of Malawi amafuna kuti dokotala asonkhanitse asanamuwonjezere chiphaso chogwirira ntchito. Apa ndiye ma webinar ali ndi abwenzi ambiri, ena mwa iwo osaoneka nkhope. Akuti luso lake ndi losavuta: lowa, zimitsa kamera, ika foni m'thumba, pitiriza kuona odwala. Vuto limabwera munthu akaiwala kutseka maikolofoni. Mphekesera zikuti pulofesa wina wakunja anafotokoza za impso kwinaku anthu onse akumva mkangano wa mtengo wa tomato pamsika, ndipo ena akuti mkanganowo ndiwo anautsatira bwino.

Achinyamata a ku KUHeS, sukulu imene inabadwa mu 2021 College of Medicine itaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing, sakuona chodandaulira. Phunziro lojambulidwa amalibwereza usiku, kuliimitsa, ngakhale kulithamangitsa mphunzitsi akamachedwa kufika pa mfundo. Aphunzitsi ena atamva zothamangitsidwazo akuti sizinawakomere.

Magetsi nawo ali ndi mbali yawo. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi ku Kapichira mu Januwale 2022, ma webinar ambiri ankathera pakati pa chiganizo, katswiri ali yasa kukamwa pa sikirini. Nthawinso imazunza: mnzathu wa ku Boston akasankha 12 koloko masana kwawo, kuno dzuwa limakhala likulowa kapena lalowa kale, ana akufunsa nsima.

Zatsopano n'zakuti kwabwera misonkhano ya pawiri, ena m'holo ya kunyanja, ena pa Zoom. Ndani apite kunyanja, ndani atsale ndi linki? Akuti mndandanda umatuluka akuluakulu atanyamuka kale.