Chitamando cha Chiphwisi, Wamasiye Wopanda Nkhoswe

Mwa zonse zimene thupi la munthu litulutsa, palibe cholandira chipongwe chosachiyenera monga chiphwisi. Pakuti thukuta tililemekeza kuti ndilo umboni wa khama, misozi tiipukuta ndi chifundo, ngakhale kugeya, mbale wake wa bere limodzi, tikukhululukira pamaso pa apongozi. Koma mkulu ameneyu akangotulukira pabwalo, mwini wake amkana pomwepo, nayang'ana kumbali, nanamizira mwana, kapena galu wogona pansi pa nkhokwe. Popeza wasowa nkhoswe, ndaima ine kumnenera mlandu.

Tiyambe ndi mbumba yake, pakuti sali mwana wa patchire. Munthu wa kwa Kanduku kapena kwa Nthache akatema mbamu ya nsima, naisunsa mu nandolo wa m'munda mwake, malovu ndiwo ayamba ntchito, nasandutsa ufa uja kukhala shuga usanamezedwe. Chakudyacho chitsika kum'mero kulowa m'chifu, m'mene asidi waukali achikanda kwa maora angapo, ndipo chikafewa chiloledwa pang'onopang'ono kulowa m'matumbo aang'ono, aja otalika pafupifupi mamita 6, m'mene ndulu yochokera ku chiwindi ndi madzi a kapamba zimaliza kuchiphwanya kuti zokoma zake zilowe m'magazi. Kufikira apa mkulu wathu sanabadwe. Koma mu nandolo, nyemba ndi khobwe muli mitundu ina ya shuga imene thupi la mwana wa Adamu silinapatsidwe mphamvu yakuigaya, ndipo iyo ipitirira yamphumphu kufikira m'matumbo aakulu, otalika mita imodzi ndi theka, m'mene mukhala khamu la mabakiteriya losawerengeka, miyandamiyanda, lodikira zotsala za pa gome lathu. Iwo adya, ndipo zotsalazo ziwira monga masese awira mumbiya tsiku lachitatu. Mpweya wa kuwirako, pamodzi ndi wina umene tinameza podya mothamanga ndi polongolola, ndiye mkuluyu. Tizilomboto sitidya chabe ayi: potero tipanga zakudyetsa khoma la matumbowo, ndi vitamini K wothandiza magazi kuundana pabala. Wonyoza chiphwisi anyoza utsi wa moto umene akuwotha.

Za fungo, lomwe adani ake alitenga ngati mutu wa mlandu, ndinena kuti woimbidwa mlanduyu ndi wosalakwa m'magawo 99 mwa 100, pakuti haidrojeni, naitrojeni, kaboni dayokisaidi ndi methane, zimene zimpanga, zilibe fungo konse. Kagawo kotsalako, ka mpweya wa salufa, ndiko kabalalitsa msonkhano, ndipo salufayo achuluka m'mazira ndi m'nyama. Chotero wosauka wa nandolo amveka kutali koma sapweteka mnzake kwenikweni, pamene bwana wa mazira okazinga achita zake mwakachetechete, nasiya anthu akutsinana.

Akulu anati chakudza sichiyimba ng'oma, koma uyu nthawi zina aiyimba, ndipo sayang'ana nkhope ya munthu. Afikira mfumu pampando, mbusa paguwa, mkwatibwi m'nsalu yoyera. Ndipo a zachipatala anena kuti munthu wathanzi amtulutsa kakhumi kapena kupitirira pa tsiku, kwina ali mtulo, kotero kuti iye wolumbira kuti sanachitepo afunse kaye mkazi wake. Pachipata cha Mwanza, pamene malole aima mundandanda kudikira zikalata asanatsikire ku Zobue ndi ku Tete, ndipo thumba lililonse lifunsidwa mwini wake, mkulu yekhayu ndiye awoloka wopanda chiphaso, wosalipira msonkho. Ndipo m'basi ya ku Johannesburg, mazenera atatsekedwa, okwera atakhuta mazira owiritsa ndi manachesi a pamsewu, aphunzitsa anthu a mitundu yosiyana kudandaula ndi mtima umodzi.

Ulemu wake waukulu anaulandira mu February 2011, pamene nduna ya zachilungamo, a George Chaponda, polankhula pa wailesi za bilu ya makhoti a m'midzi, ananena kuti ndime yoletsa kuipitsa mpweya ikhudzanso kuphwisa pagulu. Mkulu wa zamalamulo m'boma, a Anthony Kamanga, anatsutsa, nati ndimeyo inena za kuwononga mpweya kwa mtundu wina. Nyuzipepala za ku London ndi za maiko akutali zinalemba za Malawi sabata imeneyo, ndipo pambuyo pake ndunayo inabweza mawu ake. Ndani winanso mwa onyozeka a dziko lino anatsutsanitsa akuluakulu a boma, natuluka wosamangidwa? Mfumu Claudius ya ku Roma, monga alemba Suetonius, wolemba mbiri yake, inalingalira lamulo lotembenuza, lakulola anthu kumasuka pa madyerero, itamva za munthu amene anatsala pang'ono kufa chifukwa cha manyazi.

Koma wofuna kuona kumene mkuluyu alandiridwa monga mwana wobwera ku ulendo apite kuchipatala. Kuli nthenda yofala pakati pa amuna a kuno, ya kupotana kwa matumbo aakulu, imene itseka njira ndithu: mimba itupa niuma, munthu asanza, sachita chimbudzi, ndipo mpweya sutuluka ngakhale pang'ono. Wotereyo asachedwe ndi mankhwala otsegula m'mimba, pakuti thumbo lopotanalo lisowa magazi nilifa, ndipo chofunika ndicho kumthamangitsira kuchipatala cha boma cha Mwanza, kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, usiku womwewo. Ndipo atamng'amba ndi kumsoka, matumbo agona tulo tsiku limodzi kapena angapo, ndipo m'mawa uliwonse dokotala wophunzira zaka zambiri aima pambali pa bedi, anamwino ali pambuyo pake ndi zolembera, nafunsa nkhalamba ya imvi, pamaso pa ana ake ndi apongozi ake omwe, ngati yaphwisa. Ndipo ikavomera, alemba m'buku, nauza oyang'anira wodwala kuti apite kukaphika phala.