Kompyuta Yosinza Ipatsidwe Ulemu Wake

Pa mabatani onse a pa kompyuta, palibe limene limanenedwa miseche ngati la Sleep. Akuti limadya batire, akuti limataya ntchito magetsi akathima, akuti limawotcha laputopu m'chikwama. Milandu yonseyi ndi yoona, ndipo ndiyo chifukwa chake tiyenera kuliwombera m'manja. Mu 1996 makampani a Intel, Microsoft ndi Toshiba anatulutsa ndondomeko yotchedwa ACPI, imene inasanja magonedwe a kompyuta kuyambira S0, pamene ili maso, kufika S5, pamene yathimitsidwa. Sleep anaiika pa S3, Hibernate pa S4. Awiriwa ndi oyandikana, koma mmodzi amangosinza pamene winayo amagona tulo tofa nato, ndipo ine ndili kumbali ya wosinzayo.

Taonani khama lake. Mukadina Sleep, sikirini imachita mdima, fani imaleka kulira, disiki imaima, koma RAM, kumene kuli kalata yanu yosamaliza ija, imasiyidwa ikuyamwa magetsi pang'onopang'ono. RAM ndi yoiwalaiwala, moti iyenera kukumbutsidwa zimene yasunga koposa ka 10 pa sekondi iliyonse, apo ayi zonse zimafufutika. Ndiye kuti kompyuta imene mukuiona ngati yagona ikungodzikumbutsa usiku wonse. Ili ngati kalaliki amene wagoneka mutu pa tebulo khutu lili kukhomo: bwana akangotsokomola panja, wadzuka kale, cholembera chili m'manja, nkhope ili yotanganidwa. Mukangogwedeza mausi, pa sekondi imodzi kapena ziwiri yayaka, osayasamula n'komwe. Hibernate ilibe luso limeneli. Iyo imayamba yakopera zonse za mu RAM n'kuziika pa disiki, mu fayilo imene pa Windows imatchedwa hiberfil.sys, kenako n'kuthimiratu. Siidya magetsi ngakhale pang'ono, ingakhale mwezi wathunthu osaiwala kanthu, koma podzuka imayamba yawerenga zimene inalemba zija. Ndani ali ndi nthawi yodikira wantchito wolemba chilichonse?

Ulemerero weniweni wa Sleep umaonekera m'chikwama. Malaputopu ambiri atsopano amagwiritsa ntchito njira ina ya Sleep yotchedwa Modern Standby, imene mbewu yake inafesedwa ndi Windows 8 mu 2012. Mwatseka chivindikiro, mwatseka zipi, mwakwera minibasi, koma mkatimo mwini wake sanagonetu. Mumdima umenewo, atapanikizidwa pakati pa mabuku ndi chaja, akhoza kudzidzimuka n'kuyamba kufunafuna netiweki, kuona maimelo, kukonzekera ma update. Fani imapemerera nsalu, mpweya ulibe kotulukira, msana wa mwini chikwama umayamba kufunda. Pofika ku msonkhano, laputopu ili juu, batire lili pa ziro. Ena amati kumeneku n'kuwononga. Ine ndimati nanga n'kuti kwina kumene mungapeze wogwira ntchito popanda womuona, popanda womutuma, popanda alawansi? Zoona, batire limene munalidzaza pakati pa usiku, magetsi atangobwera, lathera kutenthetsa chikwama. Zoonanso, kutentha kumakalambitsa batire msanga, ndipo mtengo wa latsopano umachititsa munthu kukhala kaye pansi. Koma khama silikhala laulere.

Otsutsa amabwera ndi mfundo yolemera: kompyuta ya pa desiki ilibe batire, ndipo ngati palibe UPS yosungira magetsi, magetsi akangothima Sleep imaiwala zonse zimene simunasunge. Amakumbutsanso mawu a akuluakulu akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Sindikukana, cha mu RAM n'cha mphepo. Koma otsutsawa sawerengera anthu amene kuiwala kumeneku kwawapulumutsa. Ndi malipoti angati osalembedwa n'komwe amene anafa imfa yaulemu ndi mawu akuti "ndinali nditamaliza, koma magetsi"? Ndi akuluakulu angati a m'maofesi ena amene amakuyang'anani mwachifundo, dzanja lili pa mausi, n'kukuuzani kuti fomu yanu inali pomwepa, mubwere Lolemba? Ikani Hibernate m'maofesi amenewo, fomu idzapezeka pomwe inali, ndipo anthu aulemu wawo adzasowa pothawira. Windows Vista inabweretsa Hybrid sleep, imene imasinza koma itakoperatu zonse pa disiki. Ameneyo ndi kazitape, ndipo oyang'anira makompyuta a m'maofesi amuchenjerere.

Ena amati tingothimitsa basi, nkhani ithe. Nawonso apusitsidwa. Kuyambira pa Windows 8 pali Fast Startup, imene imachititsa kuti mukadina Shut down, kompyuta itseke mapulogalamu anu koma isunge chimake cha Windows pa disiki, monga momwe Hibernate imachitira. Ndi Restart yokha imene imayambiradi pachiyambi. Choncho Hibernate imagwira ntchito tsiku ndi tsiku pa dzina la wina, pamene dzina lake lenileni pa makompyuta ambiri silioneka pa mndandanda wothimitsira mpaka mutakalisaka ku Power Options n'kuchonga kabokosi. Umenewu ndi umboni wakuti dziko limadziwa kusanja anthu ake: wokhulupirika amabisidwa kuseri, wodziwa kuoneka wotanganidwa amaikidwa pakhomo. Amene akufuna kukapeza ntchito yawo mawa monga anaisiyira, batire lili lodzaza ndi msana wozizira, akachonge kabokosiko. Koma adziwiretu kuti tsiku limene lipoti lidzachedwe, womunamizira sadzakhalapo, ndipo bwana adzayang'ana iwowo.