Kodi nkhawa nayonso imatulutsa shuga?

Malume anga, mlimi wa fodya wa bale ku Chamama m'boma la Kasungu, anawayeza magazi m'mawa asanalawe kanthu, kamakina n'kuwerenga 6.5. Anamwino anati matenda a shuga amayambira pa 7, koma 6.1 malume anapitirira kale, ndiye ali m'malire. Ine ndinafunsa: kodi munthu wa m'malire ndi wodwala kapena wabwinobwino? Anati angathe kubwerera, angathenso kuwoloka.

Nanga chomuwolotsa n'chiyani?

Kunyumba tinachita zimene aliyense amadziwa. Shuga m'tiyi tinachotsa, ufa woyera tinasiya n'kuyamba mgaiwa. Komatu malume alibe mimba ya abwana. Kuyambira kuthirira nazale mu Seputembala mpaka kuthyola, kusoka ndi kupachika fodya m'chigafa, thupi lawo silidziwa mpando. Ine ndinkayesa shuga ndi nthenda ya okwera galimoto, ngakhale kafukufuku wa 2009 anaupeza mwa Amalawi pafupifupi 6 pa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64. Kwa malume akuchokera kuti?

Wina wodziwa za chipatala anandiuza zodabwitsa. Akuti munthu ukagwidwa ndi mantha, thupi limatulutsa timadzi totchedwa cortisol. Timeneti timauza chiwindi kuti chithire shuga m'magazi, upeze mphamvu zothawira, ndipo timafooketsa insulini, imene ntchito yake n'kulowetsa shugayo m'minofu. Chabwino, ndamva. Koma kodi thupi silitha kusiyanitsa fisi ndi ngongole ya feteleza? Fisi kukacha wapita. Ngongole umagona nayo pamphasa kuyambira dzinja mpaka msika wa fodya wa Chinkhoma utsegulidwe, ndipo ukatsegulidwa umayambanso kuwerenga masiku: belo langa ligulidwa pamtengo wanji, kapena libwezedwa? Akadula za kontrakiti, za thiransipoti ndi za aganyu, nditsala ndi zingati? Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la feteleza linakwera mtengo. Ndiye kuti miyezi yonseyo chiwindi chimangothira?

Ndinawayang'anitsitsa malume. Usiku amakhala pakhonde, chingambwe chili psuu, tulo osabwera. Mpira wa pawailesi anasiya kumvera. Nsima amangoitsina, tsiku lina n'kudya ngati akulipsira. Tsiku lobwerera kuchipatala linadutsa osalitchula n'komwe. Azakhali amati ndi maganizo basi. Koma kusagona, kusuta ndi kutaya mtima pa thupi lako, zonsezi si zimene zimakankhira shuga m'mwamba?

Akuti mu 2008 akatswiri a ku America anasonkhanitsa zofufuza zambiri, napeza kuti anthu ovutika maganizo kwambiri ngozi yawo yodwala shuga imakwera ndi 60 peresenti. Kunena kwake, kumene anthu 10 akanadwala, mwa ovutika maganizo amadwala ngati 16. Akutinso njirayi ndi yopita ndi kubwera, chifukwa wodwala shuga nayenso amagwa mphwayi msanga. Apa mutu wanga unaima. Ngati mawu akuti "muli m'malire" awonjezera nkhawa, ndipo nkhawayo ikukweza shuga, tiyambe kuchiza chiti?

Funso langa lenileni ndi ili. M'kabuku ka kuchipatala amalembamo sikelo, BP ndi shuga. Bwanji osafunsanso kuti, "Bambo, mukugona bwanji? Chikukudyani mumtima n'chiyani?" Kodi funso limafuna mabatire? Kwathu kuno ukangotchula za maganizo, anthu amaganiza za ku Zomba Mental, pomwe malume sanapenge, angolemedwa.

Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi kunja kwa chipatala, kumvetsera ovutika maganizo ndi kuwathandiza kumasula mavuto awo limodzilimodzi. Benchi si yodula, ndipo agogo ku Kasungu sasowa. Koma malume anakula akuuzidwa kuti mwamuna salira, ndipo ngongole zawo sauza ngakhale azakhali. Ine mphwa wawo, mwana wadzulodzulo, ndiwayambe bwanji?