Agogo a ku Japan

Sienta yanga itanoka, makaniko wina wa ku Biwi sanathamangire kutsegula boneti. Anayamba wayang'ana nsapato zanga, kenako wotchi, kenako mimba. Atakhutira kuti ndimadya katatu pa tsiku, anaimba kamluzu n'kupukusa mutu. "Bwana, apa ndi injini ina basi."

Posakhalitsa garaja yonse inazungulira galimotoyo ngati pasiwa, manja kumbuyo. Ngakhale kamnyamata kotumidwa zitumbuwa kanapereka maganizo ake: "Ndi maring'i amenewa, bigi."

Kushopu n'kumene ndinamva za agogo a ku Japan. Injini iliyonse ya 1NZ imene ili pamsika, kuyambira Biwi mpaka Ndirande, akuti mwini wake anali gogo amene ankangopita kumsika Loweruka lokha, pang'onopang'ono, mawindo ali otseka. Gogoyo atatsikira kulichete, injini inakwera sitima mpaka Dar es Salaam, n'kulowa pa Songwe isanatuluke thukuta. Mtengo? K3 miliyoni. "Dola yakwera, bwana."

Dola ameneyu! Injiniyo yakhala pa tayala pakona chiyambire 2022. Akangaude anamangamo midzi, nkhuku ya alonda imaikira mazira pambali pake, koma nkhani za chuma imazimvera m'mawa uliwonse. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, iyo inakwera tsiku lomwelo. Dola akakhala chete, imakwerabe, poopa kuti mwina mawa adzuka. Malipiro anga okha ndiwo alibe wailesi.

Ndinafunsa za galanti. "Ikalira pano, yalira," anatero mwini shopuyo. Kunja kwa geti ndi nkhani ya inu ndi Mulungu wanu. Pamwamba pake panabwera oyilo, mamaunting'i, leba, ndi "ya madzi a anyamata", anyamata amene ntchito yawo inali kuonerera. Abale amene amakwera ulere popita ku maukwati onse, sabata imeneyo mafoni awo anathera moto limodzi.

Injini yakale ija makaniko anandichitira chifundo. "Chitsulo ichi chingokudetserani pakhomo, tikutayirani."

Ndikufunafuna fanibeloti m'shopu ina chapafupi, ndinaipeza injini yanga ija. Yotsukidwa ndi petulo, yonyezimira, chipsera chimene ndinachiika ndekha ndi sipanala chili pomwepo. Wogulitsa anaisisita mwachikondi.

"Iyi bwana yangofika kumene. Mwini wake anali gogo."

Ndinafunsa ngati gogoyo anali ndi ngongole ku banki nkhonde.