Za Galu, Fisi ndi Mbuzi pa Msika wa Chisepo

Pa Chisepo, m'boma la Dowa, nyama zakutchire zinachepa kalekale, koma m'kamwa mwa anthu zikuswanabe. Zimachuluka nyengo yogulitsa fodya, pamene ngongole zakale zimadzuka.

Yoyamba ndi galu. Mawu akuti "galu iwe" safuna chifukwa chenicheni: amakwana wakabaza wothira anthu matope, mwana wotaya ufa wochokera kuchigayo, ngakhale wodya pabawo mwachinyengo. Poti Achewa ndi anthu aulemu, wamkulu samutchula choncho. Amati "a galu inu", ndipo ena amayamba ndi "pepanitu". Chipongwe chimafika chonse, mwambo osathyoka.

Kukula kwa mkwiyo kumamvekera kumayambiriro kwa mawu. Kagalu ndi wonyozeka, chigalu ndi woopsa. Lamuloli limalephera pa mbuzi pokha. Munthu wopusa ndi mbuzi, wopusa pang'ono ndi kambuzi, koma wofuna kunena wopusa kwambiri amapezeka watchula kanyumba ka kuseri kwa nyumba. N'chifukwa chake odziwa kutukwana amangoti "mbuzi ya munthu".

Fisi amasenza milandu itatu: mantha, umbombo ndi kuyenda usiku. Pamaliro amadziwika posachedwa, chifukwa amakhala pafupi ndi miphika kuposa ndi anamfedwa. Nkhumba ndi ya uve, khoswe ndi wakuba wa m'nyumba momwemo, nkhupakupa ndi mnzako amene amakukonda kuyambira tsiku limene mabelo apita ku okushoni mpaka ndalama itatha. Njoka samuuza pamaso. Amadikira adutse kaye.

Birimankhwe analowa ndale. Gawo 65 la malamulo aakulu a dziko lino limanena za phungu wosintha chipani, koma pagolosale saliwerenga: amangoyang'ana mtundu wa nsalu imene munthu wavala lero.

Si nyama zonse zonyoza. Dr. Kamuzu Banda ankatchedwa Mkango, tambala anakhala dzina la ndalama mu 1971, ndipo a Njovu ndi a Nkhwazi amavomera mayina awo mokondwa. Kalulu ali pakatikati: womutcha choncho amakhala akudandaula, wotchedwayo n'kumamwetulira. Mawu akuti chilombo ndiwo ofunika kusamala nawo m'dera la gule wamkulu ngati Dowa ndi Ntchisi, popeza chimene pamsika ndi mwano, pabwalo chimalandira ulemu ndi ndalama.

Wotukwanayo amayeneranso kudziwa yemwe akulankhula naye. Asuweni angatchulane nyani kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kenako n'kudyera mbale imodzi. Mawu omwewo akapita kwa apongozi, nkhani imafika kubwalo la mfumu, kumene nyama zimasiya kukhala za pakamwa. Wopezeka wolakwa amalipira nkhuku, ndipo mlandu ukakula amalowa m'khola. Motero wotchedwa mbuzi m'mawa amatha kubwerera kwawo madzulo akukoka mbuzi yeniyeni pachingwe.